Bwanji osangoimangirira parachuti ndege yonse?

Nachisale_Area25
Abale ndithandizeni. Pa WhatsApp pakuyenda kavidiyo ka kandege kakang'ono kakutsika pang'onopang'ono panyanja katalendewera ku chiparachuti chachikulu, kenako woyendetsa n'kutuluka bwinobwino n'kukwera kabwato kamphira. Mwana wanga akuti n'zopanga pa kompyuta. Tsono ngati zili zoona, bwanji ndege zonse sazimangirira zimenezi? Anthu akutha pangozi za ndege chonsecho nzeru ilipo. Kapena ndi umbombo wa eni makampani?

Jah_Kabaza
Umbombo basi mayi. Pamalo pa parachutiyo iwo amaonapo mipando ina khumi ya anthu olipira.

Spanala_wa_ku_Joni
Mayi Nachisale, vidiyoyo ndi yeniyeni. Zinachitika mu January 2015. Ndegeyo ndi Cirrus SR22, ya injini imodzi, ndipo inkachokera ku California kupita ku Hawaii. Mafuta anavuta ili pakati pa nyanja, patatsala makilomita pafupifupi 400 kuti ifike pachilumba cha Maui. Amene anajambula ndi asilikali olondera nyanja a ku America ali m'ndege yawo. Iwowa ndi amene anamulondolera woyendetsayo kufupi ndi sitima ya alendo yotchedwa Veendam, kuti akagwa apeze omuvuula. Ine ndimakonza tindege totere kuno, ndiye chogwirira chake ndimachiona pafupipafupi. Ndi chofiira, chili kudenga pakati pa mipando iwiri yakutsogolo. Ukachikoka mwamphamvu, karoketi kamaphulika kumbuyo kwa mipando n'kutulutsa parachuti yonse.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiwonjezereko pamene asiyira a Spanala, chifukwa ambiri amayesa kuti nzeruyi ndi yadzulodzuloli. Ayi ndithu, yatha zaka pafupifupi 100.

Mu August 1926, kufupi ndi Los Angeles, woyendetsa ndege wina dzina lake Carl Oelze anakwera m'mwamba, n'kuzimitsa injini dala, n'kutsegula parachuti imene anaikonza Harry Doucett, munthu wa gulu lankhondo lapamadzi la America. Ndege inatsika yonse ndi mwini wake ali momwemo. Pofika pansi miyendo ya ndegeyo inaphwanyika, koma iye anatuluka wamoyo.

Amene anatchuka nazo kwambiri ndi Roscoe Turner, pa 14 April 1929, ku Santa Ana, konko ku California. Ameneyu anali katswiri wa mipikisano ya ndege, wokonda kudzionetsera, wa ndevu zopota zapamlomo ndi yunifolomu yodzisokera yekha. Anakwera ndege yamapiko awiri osanjikizana yotchedwa Thunderbird, yolemera makilogalamu pafupifupi 1,270, mpaka mamita 1,500, n'kutsegula parachuti ya kampani ya Russell, yotambalala mamita 18. Pansi panali chinamtindi cha anthu pafupifupi 15,000 akuyang'ana kumwamba. Anafika pansi ali moyo. Taganizani, ndege yoyamba ya abale a Wright inauluka mu 1903, ndiye apa panali patangopita zaka 26.

Mbuya_wa_Anyamata
Iii, kuzimitsa injini dala uli m'mitambo? Amenewo kwawo analibe amalume owalangiza?

Jah_Kabaza
Ndiye mwandivomereza aphunzitsi. Zinatheka 1929, mpaka lero sakuika. Si umbombo umenewo?

Mphunzitsi_Wopuma
Dekhani achimwene. Chionetsero ndi china, ngozi ndi ina. A Turner anasankha okha tsiku, anasankha kutalika, ndege inali yabwinobwino ikuuluka mowongoka. Ngozi yeniyeni imakupeza phiko litathyoka, ndege ikuzungulira ngati nguli, nthaka ili pafupi. Parachuti za nthawi imeneyo zinkangotulutsidwa n'kudikira kuti mphepo izifufumitse. Ndege ikamazungulira, nsaluyo imatha kukulunga chipsepse chakumbuyo, basi nkhani yathera pomwepo. Komanso nsalu yake inali silika, wodula, wambiri ankachokera ku Japan. Kuti ikwane ndege yonse pankafunika chimtolo cholemera, pamene injini za nthawiyo zinali zofooka kale. Ndiye anthu anawerengera n'kuona kuti ndege yonyamula anthu awiri, kuli bwino aliyense abereke parachuti yake kumsana, zikavuta adumphe. Nayiloni anabwera pambuyo. Mayi wina, Adeline Gray, ndi amene anayamba kudumpha ndi parachuti ya nayiloni, mu June 1942 ku Connecticut.

Wakale_wa_ku_Salima
Apa ndilowererepo, ine amene ndinadumphako m'ndege ndili kuntchito ya usilikali. Anthu mukamaonera pansi mumaona ngati chinthu chofewa. Parachuti ikamatseguka imakukoka mwadzidzidzi, malamba aja amakuluma m'mphechepeche mpaka umafika pansi ukuyenda motang'aza. Ameneyo ndi munthu wa makilogalamu 80 ndi katundu wake. Nanga chitsulo cholemera tani imodzi ndi theka chikuthamanga makilomita 200 pa ola? Ikatseguka kamodzin'kamodzi, china chiyenera kugonja: nsalu ing'ambike, zingwe ziduke, kapena pamene mwamangirirapo pazuke. Munaonapo ambulera ikapezana ndi kamvuluvulu, mmene imatembenukira nthiti zili kumwamba? N'zomwezo.

China chimene anthu sadziwa ndi kupinda. Parachuti siipindidwa ngati chitenje choika m'sutikesi. Timaiyala pa tebulo lalitali, chingwe chilichonse m'malo mwake, wina akuyang'anira, pomaliza wopindayo amasaina dzina lake. Ikanyowa n'kuisunga osauma bwino, mwaika moyo wa mnzanu pachiswe.

Telala_Mchesi
Nkhani ya nsalu ndi ulusi ndiye ndi yathu ifeyo. Bwerani nazo kuno tikusokereni, mungobweretsa muyezo wa ndegeyo kkkk

Mphunzitsi_Wopuma
A Telala, mnzanu wina anayesapo. Franz Reichelt anali telala ku Paris. Anasoka chovala chimene ankati chikhala parachuti ya oyendetsa ndege. Pa 4 February 1912 anakwera nacho pa nsanja ya Eiffel, akuluakulu akuyesa kuti aponya chidole, iye n'kudumpha yekha atolankhani akujambula. Sichinatseguke. Anafera pomwepo.

Telala_Mchesi
Basi ndasiya. Ndizingosoka mayunifolomu a sukulu.

Mbuya_wa_Anyamata
Kkkkk a Telala mwathawa msanga bwanji

Chipata_Boy
Poti tayamba zoseka, Roscoe Turner yemwe uja ankauluka ndi mkango. Kampani ya mafuta ya Gilmore inkamulipira kuti azilengeza malonda ake, iye n'kugula mwana wa mkango mu 1930 n'kumutcha Gilmore. Anthu oona za nyama atadandaula, mkangowo anausokera parachuti yakeyake. Utakula anasiya kuuluka nawo.

Nachisale_Area25
Mkango kukhala ndi parachuti, ife anthu olipira tikiti ayi. Tabwererani ku funso langa abale, mwandisocheretsa ndi matelala ndi mikango. Chinasintha n'chiyani kuti ya muvidiyo ija itheke?

Spanala_wa_ku_Joni
Zinthu zitatu mayi: nsalu yopepuka, roketi, ndi kamphete kena kooneka kachabechabe.

Za roketi anayambitsa Boris Popov wa ku Minnesota. Mu 1975 ankauluka ndi chikhaiti chachikulu chija munthu amalendewera kunsi kwake, chikukokedwa ndi boti panyanja. Chinapindika ali mamita pafupifupi 120, n'kugwera m'madzi. Anapulumuka, koma chinamuwawa n'chakuti nthawi yonse imene ankagwa anali maso, akuganiza bwinobwino, popanda choti n'kugwira. Mu 1980 anayambitsa kampani ya Ballistic Recovery Systems, imene ambiri amangoti BRS. Nzeru yake inali yakuti tisadikire mphepo, parachuti iponyedwe kutali ndi ndege mwamphamvu, ikatambasukire kumene singakodwe ndi chipsepse kapena mapiko. Anayamba ndi tindege topepuka kwambiri ta munthu mmodzi, ndipo woyamba kupulumuka nayo anali wa ku Colorado mu 1983. Mu 1993 boma la America linavomereza kuti aziika pa kandege ka anthu awiri ka Cessna 150.

Kamphete kaja ndi kamene kamayankha nkhawa ya akulu a ku Salima. Ndi nsalu yozungulira imene zingwe zonse zimadutsamo. Parachuti ikangotuluka, mphepo imakankhira kampheteko kumtunda, kufupi ndi kukamwa kwa parachutiyo, n'kuimana mpata wotseguka yonse. Liwiro likamachepa kamatsetsereka kutsika ndi zingwe, parachuti n'kumafufuma pang'onopang'ono. Mukaonetsetsa muvidiyo ija muona kuti poyamba ndege imaloza mphuno pansi, kenako imawongoka. Pamenepo pali tizida todula chingwe china chakumbuyo pakapita masekondi angapo, kuti ifike pansi chamiyendo. Malamba akutsogolo amabisidwa m'khungu la ndege m'mbalimu, ndipo roketi ikakoka amang'amba khungulo n'kutuluka.

Wakale_wa_ku_Salima
Kamphete kameneko ndakamva. Anzathu odumpha ndi parachuti zamakona anayi zija ali ndi kofanana nako. Koma kufika pansi kwake n'kotani? Ife anatiphunzitsa kugundanitsa mapazi, kupinda maondo n'kugubuduka. Ndege singagubuduke.

Spanala_wa_ku_Joni
Sikutera kofewa ayi akulu. Opanga amati kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita atatu kapena anayi uli pampando. Miyendo ya ndege ndi imene imalandira nkhonya yoyamba n'kuthyoka, ndipo kunsi kwa mipando kuli zinthu zopangidwa kuti zifwanyike. N'chifukwa chake timaletsa anthu kugwada kapena kuponda pampando polowa, amaziphwanyiratu. Ena amatuluka ndi msana wovulala, makamaka akagwera pamadzi pamene miyendo ija sigwira ntchito yake. Koma amatuluka.

Mphunzitsi_Wopuma
Ya Cirrus nayonso inabadwa pangozi. Kampaniyi anaiyambitsa abale awiri, Alan ndi Dale Klapmeier. Mu 1985 ndege ya Alan inawombana ndi ina m'mwamba ku Wisconsin. Iye anatera ndi phiko loduka nsonga, koma wa ndege inayo anamwalira. Kuyambira pamenepo anatsimikiza kuti ndege imene adzapange idzatuluka m'fakitale ndi parachuti, wogula afune asafune. Ndege yawo ya SR20 inavomerezedwa mu October 1998. Amene ankaiyesa m'mwamba, kutsegula parachuti kenako kuidula n'kupitiriza kuuluka, anali Scott Anderson. Chomvetsa chisoni n'chakuti mu March 1999 iyeyu anafa ku Duluth akuyesa ndege yoyamba yoti igulitsidwe, imene anali asanaiike parachutiyo. Munthu woyamba kupulumuka ndi ya Cirrus pangozi yeniyeni anali wa ku Texas, mu October 2002, kachigawo kowongolera ka phiko katamasuka.

Jah_Kabaza
Zonsezi ndi tindege ta mabwana. Ine ndikunena zimene timakwera popita ku Joni kapena ku Addis.

Chipata_Boy
Iwe Jah unayamba wakwerapo ndege liti? Si paja umapita pa basi

Jah_Kabaza
Aise, tikukamba za mtsogolo.

Injiniya_Leeds
A Jah, tiyeni tiwerengere limodzi, mwina umbombo uchepako. SR22 ikadzaza imalemera tani imodzi ndi theka, ndipo parachuti yake ndi yotambalala mamita 17 kapena kuposerapo pang'ono. Boeing 747 ikadzaza imafika matani pafupifupi 400. Popov mwini wake anauzapo a BBC kuti ndege yotere ingafune maparachuti 21, iliyonse kukula ngati bwalo la mpira. Muziika pati? Zitseguke bwanji zonse osakodwana?

Kenako liwiro. Ya SR22 inayesedwa mpaka makilomita pafupifupi 250 pa ola. Ndege zazikulu zimayenda 850 kapena 900. Kutsegula nsalu pa liwiro limenelo n'kuing'amba, apo ayi kuithyola ndegeyo pakati.

Koma chachikulu kwa ine si kulemera kapena liwiro, ndi malo amene ngozi zimachitikira. Zambiri za ndege zazikulu zimachitika ponyamuka ndi potera, nthaka ili pafupi. Parachuti imafuna mpata. Ngakhale kandege ka Cirrus kamataya mamita 120 isanagwire bwino, ndipo ngati kakuzungulira ndi pafupifupi 280. Chindege chachikulu chingafune wochuluka kuposa pamenepo. Ndiye munganyamule matani ambirimbiri a nsalu pa ulendo uliwonse kwa zaka 25, kudikira ngozi ya mtundu umene suchitikachitika. Ndalama zomwezo anaona kuti zipulumutsa anthu ambiri akaziika pa injini ziwiri zodalirika, zida zochenjeza kuti phiri lili kutsogolo, ndi kuphunzitsa oyendetsa.

Sindikunena kuti zinthu zolemera sizitsika ndi parachuti. Maroketi am'mbali a chombo cha m'mlengalenga cha Space Shuttle, olemera matani oposa 70 lililonse mafuta atatha, ankatsikira m'nyanja ndi maparachuti atatu. Koma munalibe munthu, ndipo ankamenya madzi mwamphamvu. Chombo cha Apollo 15 pochokera kumwezi mu 1971 chinatera ndi awiri, imodzi itafota, anthu atatu onse ali bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti zimenezo zinapangidwa kuchokera pachiyambi kuti zizitsika choncho.

Nabanda_wa_Manchester
Nanga ija ndinaiona pa Facebook, chipinda chonse cha anthu chikuchoka n'kutsika pachokha?

Injiniya_Leeds
Imeneyo ndiye ya pa kompyuta yeniyeni achemwali. Ndi maganizo a Vladimir Tatarenko wa ku Ukraine, anafala cha m'ma 2016, koma palibe anaipanga. Pamene chipindacho chalumikizana ndi ndege pamakhala pofooka, komanso oyendetsa amatsala kutsogolo. Yofananako imene inagwiradi ntchito ndi ya ndege yankhondo ya F-111, imene kachipinda ka anthu awiri kankathothoka konse n'kutsika ndi parachuti. Anthu awiri, osati 300.

Mwana_wa_ku_Mzimba
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso limene lili mumtima mwanga, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha, ndi la pa 10 June 2024 ku Chikangawa. Ikanakhala ndi parachuti, a Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu aja bwenzi ali moyo?

Chipata_Boy
Ifenso kuno funso lomwelo timafunsa za anyamata athu a mpira a Zambia amene anathera m'nyanja ku Gabon mu April 1993. Anthu 30.

Woyang'anira_Gulu
Funsoli ndi lololedwa, koma tiyankhe za ndege zokha. Amene ayambe zandale kapena kuloza anthu zala ndichotsa zimene walemba.

Injiniya_Leeds
Pepani achimwene a ku Mzimba, yankho langa silikutonthozani. Ndege imene anakwera ija, Dornier 228, imalemera matani pafupifupi sikisi ikadzaza, kuposa ndege iliyonse imene panopa imagulitsidwa ndi parachuti yotere. Yaikulu pa zonse ndi kajeti ka Cirrus kotchedwa Vision Jet, kovomerezedwa mu 2016, ndipo sikafika matani atatu. Koma tiyerekeze kuti inalipo. Parachuti imathandiza munthu amene wadziwa kuti zavuta ndipo pansi pali patali. Ndege ikamauluka m'munsi, m'chifunga, m'dera lamapiri ngati la Viphya, mtunda umaonekera patatsala masekondi ochepa, mwinanso osaoneka n'komwe. Palibe nthawi yokweza dzanja kudenga. Ya ku Gabon nayo inali Buffalo, yolemera kuposa Dornier kutalitali, ndipo inagwa usiku itangonyamuka kumene ku Libreville.

Mwana_wa_ku_Mzimba
Ndamva. Zikomo poyankha mosazungulira.

Kaputeni_Mtsogolo
Ine ndili kusukulu ya zouluka kuno ku South Africa, ndipo ndinene zimene ena sakonda kumva. Aphunzitsi athu ena saikonda parachutiyi. Amati imapusitsa munthu. Wina amene akanaona mitambo n'kubwerera, amalowamo poti kudenga kuli chogwirira. Komanso ukangokoka, ndege sulinso kuilamulira, mphepo ndi imene ikusankhire pogwera, kaya pa mawaya a magetsi kaya padenga la munthu. Injini ikazima ife amatiphunzitsa kusankha munda n'kutera. Kuwonjezera apo, ku America Cirrus sanaiyese mokwanira zotuluka m'kuzungulira kuja monga amachitira ndi ndege zina, boma linavomera kuti parachuti ilowe m'malo mwake.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwanawe, mawu amenewo ndi akale kuposa agogo ako. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse oyendetsa ndege a Britain sankapatsidwa parachuti, pamene anzawo okwera m'mabaluni oonera adani anali nazo, ndipo Ajeremani anayamba kupatsa awo mu 1918. Zifukwa zinalipo zingapo, kulemera ndi kuchepa kwa malo, koma chimene chimakumbukika n'chakuti akuluakulu ena ankaopa kuti munthu akakhala ndi pothawira asiya ndege imene akanatha kuipulumutsa. Anyamata ankapsa ali m'mwamba chifukwa cha maganizo amenewo.

Spanala_wa_ku_Joni
A Kaputeni, mbali ina mukunena zoona. Zaka zoyambirira mbiri ya Cirrus sinali yabwino, anthu ankafa ndithu. Koma atafufuza anapeza zosiyana ndi zimene aphunzitsi anuwo akuopa. Vuto silinali kukoka msanga. Ambiri ankafa chogwirira chili pamalo pake, osachikhudza. Munthu waphunzitsidwa moyo wake wonse kuti woyendetsa weniweni amateretsa ndege, ndiye amalimbana nayo mpaka nthaka. Wina akuganiza za mtengo wa ndegeyo, wina manyazi kwa anzake. Bungwe la eni ndegezi ndi kampani anasintha kaphunzitsidwe, n'kuyamba kuwakhomerera kuti ukafika pakutipakuti usaganizenso, koka. Imfa zinatsika kwambiri pambuyo pake. Za kuzungulira zija, a ku Ulaya anaumirira kuti iyesedwe, ndipo inatulukamo.

Kutera m'munda n'kwabwino ngati munda ulipo, kuli masana, ndipo mapiko onse ali pamalo. Mu May 2021 ku Denver SR22 inawombana m'mwamba ndi ndege yonyamula katundu ya Metroliner, zonse zikukonzekera kutera. Ya katunduyo inang'ambika msana koma inatera, Cirrus inatsika ndi parachuti, palibe anafa. Pamenepo mukanasankha munda uti?

Kaputeni_Mtsogolo
Pamenepo ndikanakoka, sindikukana. Koma injini ikangozima ndili pamwamba pa bwalo, ine nditera.

Spanala_wa_ku_Joni
Bola muzisankhiratu muli pansi, osati muzikayamba kuganiza muli m'mwamba.

Nachisale_Area25
Nanga woyendetsayo akakomoka? Wokwera wamba ngati ine ndingathe?

Spanala_wa_ku_Joni
Mungathe mayi, ndipo woyendetsa wabwino amakuonetsani musananyamuke. Mumachotsa kachivindikiro, kugwira ndi manja awiri, n'kukokera pansi ndi mphamvu zanu zonse osalekeza. Anachilimbitsa dala kuti mwana asachikoke posewera. Pali kapini kotsekera kamene kamayenera kuchotsedwa ndege isananyamuke.

Ndipo poti gulu lino lili ndi anthu a m'madera ambiri, ndinene ichi. Mukadzaona kandege kakang'ono kagwa parachuti isanatuluke, roketi ija imakhala ikadali yamoyo. Pambali pake pamakhala chizindikiro chochenjeza. Thandizani anthu kutuluka, koma osaima kumbuyo kwa mawindo pamwamba pake, ndipo osayamba kudula zingwe kapena kusolola mawaya ndi zikwanje. Ikaphulika ili ndi mphamvu yopha munthu. Ifenso pogwira ntchito timayamba tabwezera kapini kaja.

Jah_Kabaza
Tsono mtengo wake? Mwina ndiike pa njinga yanga, poti mabuleki a masiku ano ndi osadalirika.

Spanala_wa_ku_Joni
Kungoipindanso ndi kusintha roketi, zimene lamulo limafuna zaka 10 zilizonse kaya inagwira ntchito kaya ayi, ndi madola masauzande ambiri ndithu. Gulani mabuleki a Jah.

Telala_Mchesi
Kupindako kokha bweretsani kuno, ndikuchotserani theka.

Wakale_wa_ku_Salima
A Telala, wopinda amasaina dzina, ndipo kwathu kuja nthawi zina ankamuuza kuti adumphe nayo yekha imene wapindayo. Mukadali ndi chidwi?